Zimene zimakweza munthu udindo pa gemu yotchena ya Dress to Impress

Akonzi,

Tikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti tifotokozeko za gemu yotchena imene ana, achinyamata ngakhalenso akuluakulu ena akusewera kwambiri pa intaneti masiku ano. Dzina lake ndi Dress to Impress, ndipo imapezeka mkati mwa Roblox, pulogalamu ya pa intaneti yokhala ndi magemu ambiri. Inatuluka mu 2023 koma inatchuka zedi mu 2024. Chatikakamiza kulemba n'chakuti osewera ambiri atsopano akukhulupirira kuti munthu sangakwere udindo popanda kuwononga ndalama pa zovala za VIP (za m'chipinda chapadera cholowa olipira okha), ndipo ena akaona kuti sakusuntha amayamba kupemphetsa mavoti kapena kupondereza anzawo powapatsa nyenyezi imodzi mwadala. Zonsezi zikuchokera pa kusamvetsa mmene mpikisanowu umayendera. Wokwera msanga ndi amene zovala zake zimauza ovota mutu wa mpikisano akangoziona, ndipo amatha kuchita zimenezi mpikisano ndi mpikisano.

Kwa amene sanaionepo, gemuyi imayenda motere. Osewera amalowa m'chipinda chachikulu chodzaza zovala, nsapato, tsitsi ndi zodzikongoletsera. Pamwamba pa sikirini pamalembedwa mutu, ndipo wotchi imayamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Nthawi yovalira sipitirira mphindi 6. Ikatha, aliyense amayenda pa siteji payekha, anzake n'kumupatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Atatu amene apeza zambiri amaima pa nsanja ya opambana. Nyenyezi zimene munthu wapeza zimaunjikana pa akaunti yake, ndipo kuchuluka kwake ndi kumene kumamupatsa udindo. Aliyense amayamba ngati New Model. Pa nyenyezi 50 amakhala Rising Star, pa 200 Aspiring Model, pa 500 Fashionista, pa 3,000 Runway Queen, ndipo udindo umene ambiri amaulakalaka, wa Top Model, uli pa 25,000. Pakati pake pali maudindo ena, ndipo eni gemuyi amasintha zinthu nthawi ndi nthawi, choncho ndi bwino kuyang'ana mndandanda wa m'gemu momwemo.

Taonani kutalikirana kwa manambalawa. Maudindo atatu oyambirira amabwera mofulumira, munthu n'kuyamba kuganiza kuti ulendo wonse ukhala wotero. Akafika m'masauzande, zinthu zimaoneka ngati zaima. Apa mpamene masamu amathandiza. Tiyerekeze kuti mu seva, kutanthauza gulu la osewera amene alumikizidwa kuti apikisane pamodzi, muli anthu 10. Ovotera inu ndi 9, choncho nyenyezi zambiri zimene mungapeze pa mpikisano umodzi ndi 45, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Wosewera amene amapeza nyenyezi 20 pa mpikisano uliwonse adzafunika mipikisano 1,250 kuti afike pa 25,000. Wopeza 30 adzafunika mipikisano pafupifupi 834. Ngati mpikisano umodzi, kuphatikizapo kuyenda pa siteji, utenga mphindi 10, woyambayo akhala maola oposa 200, pamene mnzakeyo akhala pafupifupi maola 140. Kusiyana konseku kukubwera chifukwa cha nyenyezi pafupifupi imodzi yokha yowonjezera kuchokera kwa wovota aliyense. N'chifukwa chake cholinga chanu chisakhale kupambana kamodzi mochititsa kaso kenako n'kugwa kanayi. Cholinga chikhale kuti amene akanakupatsani 2 akupatseni 3, ndipo wa 3 akupatseni 4.

Masamu omwewa akuphunzitsanso zinthu ziwiri zosavuta. Choyamba, seva yopanda anthu imakudyerani nthawi. Muli anthu 5, ovota ndi 4, ndipo ngakhale onse atakukondani simungapose nyenyezi 20. Mukaona kuti anthu achoka ambiri, malizani mpikisano umenewo kenako sinthani seva. Chachiwiri, musatuluke kuvota kusanathe chifukwa choti chovala sichinakusangalatseni. Chovala chosamalizika chimapezabe kanthu, pamene kutuluka kumataya mphindi zonse zimene mwagwiritsa kale ntchito.

Mdani wamkulu wa wosewera watsopano ndi wotchi. Ambiri mutu ukangolembedwa amathamangira diresi yoyamba imene yawakopa, n'kutha mphindi zitatu akuisintha mtundu, kenako n'kukwera pa siteji opanda nsapato, opanda tsitsi, mwinanso nkhope ili yosamalizika. Njira yothandiza ndi kuigawa nthawiyo musanayambe. Masekondi 20 oyambirira musakhudze kanthu, ganizani. Dzifunseni kuti munthu akamva mutu umenewu, chimabwera m'maganizo mwake choyamba n'chiyani, ndipo mitundu yake ndi iti. Mphindi imodzi yotsatira ikhale ya khungu, tsitsi ndi nkhope. Tikudziwa kuti ambiri amasiya zimenezi kumapeto, koma ife tikulangiza kuti muyambire pomwepo, chifukwa diresi yosavuta yokhala ndi nkhope ndi tsitsi imaoneka yomalizika, pamene diresi yokongola pa mutu wopanda tsitsi imaoneka yosiyidwira panjira. Mphindi ziwiri zikhale za zovala zikuluzikulu ndi nsapato. Mphindi imodzi ikhale yopaka mitundu. Nthawi yotsalayo ndi ya ndolo, mikanda, chikwama, ndi kuzunguliza kamera kuti muone kumbuyo. Wotchi ikafika pa masekondi 30 musayambenso chatsopano.

Tsopano tifike pachimake pa nkhaniyi, pomwe ndi kumva mutu. Wovota amakuonani kwa kanthawi kochepa, nthawi zambiri pa sikirini ya foni, mwinanso akucheza ndi anzake. Saona kamphete kamene mwatha masekondi 40 mukukasankha. Amaona kaimidwe ka chovala chonse: kodi n'chotambalala pansi kapena n'chothina, n'chachitali kapena chachifupi, mapewa ndi otukuka kapena ogwa, chiuno chili pamwamba kapena pansi. Kenako amaona mtundu. Zing'onozing'ono zimabwera pamapeto. Choncho muvalenso motsatira ndondomeko yomweyo.

Mitu ya mbiri yakale ndi imene imagwetsa anthu ambiri, koma ndi imenenso imapatsa nyenyezi zambiri kwa woidziwa, chifukwa opikisana naye amakhala akungoganizira. Mutu wa Victorian ukunena za nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain, kuyambira 1837 mpaka 1901. Chofunika pamenepa ndi chiuno chomangidwa mothina, khosi lotsekeka mpaka pamwamba, manja aatali, siketi yofika pansi yotambalala kapena yotukuka kumbuyo, magolovesi, ndi tsitsi lomangidwa m'mwamba. Mitundu yozama monga yofiira moderako, yobiriwira moderako kapena yakuda imagwirizana nazo. Ambiri amasokoneza mutu umenewu ndi Rococo, pamene Rococo ndi ya ku France m'zaka za m'ma 1700. Imeneyo imafuna mitundu yofewa, pinki wotuwira, buluu wotuwira, zokongoletsa zagolide, maliboni ambiri, siketi yotambalala m'mbali, ndi tsitsi lalitali loyera lounjikidwa pamutu. Mukavala zakuda zotseka khosi pa Rococo, mwaphonya ndi zaka pafupifupi 100, ndipo ovota ena amadziwa.

Mutu wa zaka za m'ma 1920 umatembenuza zonsezi. Chiuno cha diresi chimatsika mpaka pamwamba pa ntchafu, diresi imagwa mowongoka osathina, imalekezera cha m'mawondo, tsitsi ndi lalifupi lofika m'masaya, ndipo mkanda wautali ndi kansalu ka pamphumi kokhala ndi nthenga zimamaliza nkhani. Cholakwika chofala pano ndi kuvala lamba wothina pachiuno, zomwe zimasamutsira chovalacho ku zaka za m'ma 1950, pamene chiuno chothina ndi siketi yotambalala zinali m'fasho. Y2K ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000: jinzi yotsika m'chiuno, kamalaya kakafupi, nsalu zonyezimira ngati chitsulo, timagalasi tating'ono, kachikwama kokolekera m'khwapa. Met Gala ndi mwambo weniweni wa ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York, umene nthawi zambiri umachitika Lolemba loyamba la mwezi wa May, ndipo anthu amapitako atavala zodabwitsa. Pa mutu umenewu diresi wamba yapaphwando sikwanira. Pamafunika chinthu chimodzi chachikulu chokopa maso, kaya ndi nsalu yaitali yokwekwereza kumbuyo, kaya mapewa aakulu, kaya chovala cha kumutu.

Palinso mitu imene mayina ake anabadwira pa intaneti. Dark Academia imafuna maonekedwe a wophunzira wa pa yunivesite yakale: jekete, juzi, siketi kapena thalauza ya mizere yopingasana, mitundu yofiirira, yotuwa ndi yakuda, buku m'manja. Cottagecore ndi diresi yomasuka yamaluwa, epuloni, dengu ndi mitundu yofewa. Gothic ndi zakuda, nsalu za lesi, siliva ndi milomo yoderako. Wosewera wanzeru amalemba mitu imene yamusokoneza, n'kukaifufuza atamaliza kusewera, chifukwa mitu imabwerezedwa. Mutu wosaudziwa ukakupezani mkati mwa mpikisano, funsani m'macheza (malo olemberana mauthenga m'gemu) kapena yang'anani mwachangu mitundu imene ambiri akutola. Kutengera mtundu wa anzanu si vuto, koma kukopera chovala chonse cha munthu wina n'kulakwa, ndipo ovota amazindikira n'kukulangani.

Chimene chimasiyanitsa wosewera wozama ndi watsopano ndi kusanjikiza zovala. Gemuyi imalola kuvala zinthu zingapo pamalo amodzi. Masiketi awiri kapena atatu a kutalika kosiyana akaphatikizidwa amapanga diresi yatsopano imene palibe wina ali nayo. Kamalaya kothina pansi, kovala kothina chiuno pamwamba pake, ndi manja ochokera ku chovala china, zimapanga chinthu chooneka ngati chosokedwa pamodzi. Zovala zambiri zilinso ndi mabatani osinthira maonekedwe: siketi imodzimodziyo itha kufupika kapena kutalika, malaya atha kukhala ndi manja kapena ayi, tsitsi litha kusintha kagonedwe. Anthu ambiri sakanikiza mabatani amenewa n'komwe, ndiye amadandaula kuti zovala zaulere n'zochepa.

Koma kusanjikiza kuli ndi msampha wake. Nsalu ziwiri zikakhala pamalo amodzi ndendende, zimalowana, ina n'kumatulukira mwa inzake ngati zigamba, makamaka chidole chokuimirani m'gemu chikamayenda. Zimachitika kwambiri pachiuno, m'mapewa, ndi pamene tsitsi lalitali lakumana ndi jekete kapena mapiko. Pali njira zitatu zothetsera vutoli. Mutha kupaka zovala ziwirizo mtundu umodzi ndi nsalu imodzi kuti kulowanako kusaoneke. Mutha kubisa polumikizirapo ndi lamba kapena kovala kothina chiuno. Zikakanika, vulani chimodzi. Yesani kuyenda ndi kutembenuka musanakwere siteji, chifukwa chovala chooneka bwino mutaima chitha kung'ambika maonekedwe mukasuntha. Kumbukiraninso kuti pali malire a kuchuluka kwa zinthu zimene mungavale nthawi imodzi, choncho musathere malo pa zibangili musanavale nsapato.

Pa nkhani ya mitundu, lamulo lakale la okongoletsa limagwira ntchito bwino: mtundu waukulu utenge pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, wachiwiri 30, ndipo wachitatu, wowala kapena wonyezimira, utenge 10 okha. Mitundu ikaposa itatu, diso la wovota limasowa pokhazikika. Vuto lina lofala ndi la mitundu yofanana pang'ono koma yosiyana: siketi pinki wina, malaya pinki winanso, nsapato pinki wachitatu. Pa sikirini zimaoneka ngati munthu walephera kufananitsa. Mukasankha mtundu, usungeni kapena tengani womwewo pa chovala chilichonse. Chovala chimodzi chimakhala ndi zigawo zingapo zopakidwa padera, monga nsalu yaikulu, mphepete ndi mabatani, ndipo chigawo chimodzi chikaiwalika chimatsala ndi mtundu wake woyamba, n'kuwononga zonse. Zitsulo nazo zigwirizane: ngati ndolo ndi zagolide, mkanda, chomangira lamba ndi tcheni cha chikwama zikhalenso zagolide. Nsalu ya maluwa kapena ya mizere ikhale pa chovala chimodzi kapena ziwiri, zotsalazo zikhale za mtundu umodzi kuti maluwawo aoneke. Chovala chakuda chokhachokha chimameza mizere yonse ya kasokedwe, ndiye pa Gothic sakanizani chakuda chonyezimira, chakuda chosanyezimira ndi lesi, kapena onjezani kofiira pang'ono.

Tsitsi litha kusanjikizidwanso. Lakumbuyo limodzi, lakutsogolo lina, zonse zopakidwa mtundu umodzi, zimapanga mutu wodzaza bwino. Nkhope igwirizane ndi nkhani ya chovala. Kumwetulira kosangalala pa mutu wa maliro kapena wa mfiti kumachotsa nyenyezi imene chovalacho chinali chitapeza kale.

Pa siteji, sankhani kaimidwe kawiri kapena katatu kokha, ndipo mukasankhiretu musanaitanidwe. Kusinthasintha kaimidwe mofulumira kumalepheretsa anthu kuona chovala, ndipo iwo amavota zimene aona. Ngati ulemerero wa chovala chanu uli kumbuyo, tembenukani. Ngati manja a malaya ndi otambalala, tambasulani manja. Ngati mwavala munthu wodziwika wa m'nthano kapena m'mbiri ndipo mukukayika ngati amuzindikira, lembani dzina lake m'macheza m'mawu ochepa. Kulemba chiganizo chachitali kapena kupempha nyenyezi zisanu kumakwiyitsa ovota.

Luso lonseli limadalira kudziwa pamene chinthu chilichonse chili. Gemuyi ili ndi gawo la Freeplay, kumene kulibe wotchi kapena mavoti. Kumeneko simupezako nyenyezi, koma mphindi 15 zoyendera chipinda chonse, kukanikiza mabatani a chovala chilichonse ndi kuyesa kusanjikiza, zimabweza phindu m'mipikisano yambiri yotsatira. Konzani maziko anayi kapena asanu amene mungawavale mosaganiza: diresi yaitali yotambalala, diresi yothina, suti kapena zakuofesi, zamumsewu zomasuka, ndi chovala cha m'nthano. Mitu yambiri imagwera pa limodzi mwa mazikowa, ndipo ntchito yotsala imakhala kusintha mtundu ndi zowonjezera. Eni gemuyi akasintha chipinda kapena kuwonjezera zovala, bwereraniko mukaphunzirenso.

Za VIP tinene mosabisa. Chipinda chimenecho chimagulidwa ndi Robux, ndalama ya mu Roblox imene imachokera ku ndalama zenizeni, ndipo muli zovala zokongola. Koma sichimva mutu m'malo mwanu, sichisankha mitundu, ndipo sichikukumbutsani nsapato. Wosewera wa VIP amene wavala diresi yodula yosagwirizana ndi mutu amagonja kwa wa zaulere amene wamva mutu. Mkati mwa gemu mumapezekanso ndalama yakeyake imene munthu amaipeza posewera, yogulira zinthu zina ndi kaimidwe katsopano. Palinso makodi, omwe ndi mawu apadera amene eni gemuyi amatulutsa, opatsa zovala zaulere. Amalembedwa m'gemu momwemo, ena amatha ntchito pakapita nthawi, ndipo safuna pasiwedi. Apa tikupempha makolo atchere khutu: tsamba lililonse kapena munthu aliyense wolonjeza Robux zaulere, VIP yaulere kapena nyenyezi masauzande posinthana ndi pasiwedi ndi wakuba. Akaunti ikabedwa, maola onse aja apita. Tsegulani chitetezo cha magawo awiri (chofuna chitsimikizo china kuwonjezera pa pasiwedi) pa akaunti ya Roblox, ndipo gwiritsani ntchito zida za makolo zimene zilimo kuti muchepetse macheza ndi kugula.

Nkhani imene imatipweteka kwambiri ndi ya kavotedwe. Alipo amene amapatsa aliyense nyenyezi imodzi poganiza kuti akatsitsa anzawo iwo akwera. Udindo suwerengera kuti mwaposa angati, umawerengera nyenyezi zimene mwaunjika. Seva imene onse akuvota mowuma manja imasaukitsa onse, wopambana yemwe akutuluka ndi zochepa. Ndipo khalidwe limeneli limafala: anthu akaona chovala chabwino chili pansi pa mndandanda, mpikisano wotsatira nawonso amauma manja, kapena amachoka, seva n'kutsala ndi anthu anayi. Kuvota mwachilungamo kuli ndi muyezo wosavuta. Wosatsata mutu n'komwe apatsidwe 1 kapena 2. Wotsata mutu koma wosamaliza apatsidwe 3. Womva mutu ndi kumaliza bwino apatsidwe 4, ndipo 5 ikhale ya amene wakudabwitsani. Mukapeza seva ya anthu ovota motere, khalani momwemo nthawi yaitali, chifukwa ndi mmene nyenyezi zimachulukira.

Palinso magulu amene amagwirizana kulowa seva imodzi n'kumapatsana 5 osavala n'komwe. Nambala imakweradi, koma munthu wotero amafika pa udindo waukulu asakudziwa kusiyanitsa Victorian ndi Rococo. Gemuyi ili ndi maseva apadera olowa okhawo amene afika pa maudindo apamwamba, ndipo kumeneko anthu amasanjikiza mwaluso ndi kuvota mosanyengerera. Wokwera mwachinyengo akalowako amakhala pansi mpikisano uliwonse, ndipo dzina la udindo limene lili pamwamba pa mutu wake limangochititsa kuti ovota ayembekezere zambiri kwa iye.

Kwa osewera pa foni, kuchedwa kwa gemu kumadya nthawi yovalira kuposa china chilichonse. Chipindacho chili ndi zinthu zambirimbiri zoti foni ijambule, ndipo anthu khumi akasanjikiza zovala, foni yofooka imatentha n'kuyamba kudodoma. Lowani m'makonzedwe a Roblox, sinthani Graphics Mode kuti ikhale pa Manual, ndipo tsitsani mlingo wa zithunzi mpaka pansi kapena pafupi ndi pansi. Tsekani mapulogalamu ena onse, ndipo pewani kusewera foni ili pa chaja chifukwa kutentha kumawonjezera kudodomako. Ngati intaneti ikudukaduka, valani nkhope, tsitsi, chovala chachikulu ndi nsapato m'mphindi ziwiri zoyambirira, kuti ikakutayani pakati n'kubwerera mochedwa, kapena ikauma wotchi ikuyendabe, mukhale muli ndi choonetsa pa siteji.

Ndife owerenga anu,
Osewera ndi okonda za mafashoni